Kabango ka Alamu Anga

M'chitini momwe ndimasunga mbedza ndi singano zosokera ukonde muli kabango kouma, kosafika ndi kutalika kwa chikhatho changa. Adzukulu akakaona amafuna kukataya, amati ndi chinyalala. Adakadula ndi alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, kutatsala masiku atatu kuti tikavote. Nthawi imeneyo anali atakhala zaka zambiri osaona, ndipo pa kusaona kwawoko dzanja langa lilipo.

Nthawi ya chipani chimodzi ndinali mmodzi wa anyamata ovala malaya ofiira. Malo anga anali pa doko la kwathu, kufupi ndi Makhanga, ndipo munthu sankakwera bwato asadandionetse khadi la chipani. Kusukulu sindidapiteko, bambo anga adandipatsa nkhafi ndi khasu basi. Khadi ndinkalidziwa ndi mtundu, chifukwa la chaka chino linkasiyana maonekedwe ndi la chaka chatha. Ndinkalitenga, n'kuliyang'ana nthawi yaitali monga ndinkaonera akuluakulu akuchitira, kenaka n'kubweza. Ndinkaganiza kuti palibe akudziwa kuti sindikuwerenga kanthu.

Tsiku lina m'mawa alamu adafika pa doko atafunda chitenje kumutu. Maso awo anali ofiira, akukha misozi, ndipo kuwala kunkawapweteka. Kudamveka kuti kuchipatala cha mishoni kutsidya kwabwera madokotala a maso, koma akhalako masiku ochepa.

"Khadi, alamu," ndidatero.

"Ndidakupatsani mlongo wanga, khadi lina mukufuna lotani?"

Anthu adaseka. Mkulu wathu wa chipani anali chikhalire pansi pa mtengo, akutiyang'ana. Alamu adatulutsa khadi m'thumba. Iwo anali msodzi, khadilo lidanyowapo kangapo n'kuuma padzuwa, mtundu wake udasuluka. Kwa ine linkaoneka ngati la chaka chatha.

"Ili n'lakale."

"Si lakale. Werengani chaka, chalembedwa apo pansipo."

Ndidayang'ana pomwe ankaloza. Panali timizere takuda. Doko lonse linkadikira ine. Ndikadatha kuitana wina kuti andiwerengere, ngakhale mkulu uja, koma pakamwa panga padatuluka mawu ena.

"Ndawerenga. N'la chaka chatha. Bwererani."

Adabwerera. Wogulitsa makadi anali atapita kumaliro kutali, ndipo pomwe alamu ankapeza khadi lina, madokotala anali atachoka. Mvula idagwa kawiri, maso adatsekeka onse. Kaya madokotala aja akadawachiritsa kaya ayi, sindidziwa, ndipo palibe angandiuze. Iwo sadaitchulenso nkhaniyi. Adasiya kupita kumadzi, adayamba kusoka maukonde a anzawo pakhonde, zala zikuwaonera. Koma ndikafika pakhomo pawo, akangomva mapazi anga, ankauza akazi awo kuti, "Yalani mphasa, afika odziwa kuwerenga aja." Ankanena moseka, monga alamu amasekerana. Ine ndinkaseka nawo.

Zipani zambiri zitabwera, malaya ofiira aja mkazi wanga adawang'amba n'kumapukutira mphika. Ine ndidakalembetsa sukulu ya kwacha imvi zitayamba kale. Tinkaphunzira masana pansi pa msangu kuseri kwa tchalitchi. Amuna tinalipo awiri okha, mnzangayo adathawa sabata yachiwiri, ndidatsala ndekha pakati pa amayi omwe ena mwa iwo ndidawabwezapo pa doko. Ndikalakwitsa ankaomba m'manja. "Funsani khadi zilembozo, mwina zikumverani!"

Amene adandisunga pamenepo anali aphunzitsi athu. Anali bambo wocheperapo kwa ine ndi zaka ngati khumi, mlembi wa mpingo wathu, wolankhula motsitsa. Sankatopa. Ankagwira dzanja langa louma ndi nkhafi n'kuliyendetsa pa sileti, mpaka chilembo chitakhala. Amayi akandiseka ankangoti, "Amene sadalakwitsepo aime," onse n'kusiya kuseka. Tsiku lina anzanga atapita adandifunsa chomwe chidandibweretsa kusukulu ndili wamkulu chotere. Ndidawauza za khadi la alamu, zonse, zomwe ngakhale mkazi wanga sindidamuuzepo. Adamvetsera osandidula, kenaka adati, "Madala, Mulungu amaona munthu amene akufuna kukonza." Tsiku lomwe ndidalemba dzina langa ndekha ndidapita m'munda wa mapira, ndidalira ngati wamwalira munthu. Munthu ameneyu akadati ndimuwolotse Shire madzi atasefukira, ndikadamuwolotsa.

Kenaka kudabwera chisankho chomwe tidauzidwa kuti tikavota pa pepala limodzi lokhala ndi mayina ndi nkhope za onse opikisana pa mpando umodzi, munthu n'kuchonga kapena kudinda chala m'kabokosi ka yemwe akumufuna. Mpingo udapempha anthu odzipereka, opanda malipiro, oti aziyenda m'midzi kuphunzitsa kavotedwe, ndi kuthandiza okalamba ndi osaona pa tsikulo. Adasankhidwa amayi atatu ndi abambo awiri, mmodzi mwa abambowo ali aphunzitsi aja, amene ankawatsogolera. Ine sindidasankhidwe chifukwa kuwerenga kwanga kunali kwa pang'onopang'ono, ndipo sindidadandaule. Ndidapereka zomwe ndinali nazo. Chaka chimenecho madzi osefukira adang'amba njira yatsopano pakati pa midzi yathu ndi sukulu yomwe tinkayenera kukavotera, ndipo mpaka nthawi yokolola madziwo anali asadaphwe. Bwato langa lidakhala lawo. Ndinkawawolotsa m'mawa n'kukawatenga madzulo. Misonkhano yawo ankachitira pakhonde panga, mkazi wanga akuwaphikira mbatata ya kudimba ndi nsomba za makakana zowamba, ndi thobwa la mapira loti anyamule m'zigubu.

Ndidayendanso khomo ndi khomo kwa nkhalamba, kuwauza kuti asaope madzi, ndiwawolotsa ulere, ndipo kutsidyako kuli anthu abwino owathandiza. Sizinali zophweka. Mayi wina wamasiye adandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Kale munkatiletsa kukwera bwato, lero mukutichonderera kuti tikwere. Kutsidyako mwatchera chiyani?"

"Amayi, musakhulupirire ine. Mukakhulupirire aphunzitsi."

Mawu amenewa ndidawanena pa makomo ambiri, m'Chimang'anja ndi m'Chisena. Aphunzitsi onse ankawadziwa. Akamva zimenezo ankavomera.

Alamu sadafune kunyengereredwa. Ankadziwa kale yemwe ankamufuna pa mpando wa phungu, ndipo sankabisa. Madzi aja atabwera, iwo ndi akazi awo adakhala masiku awiri pa chulu, ndipo amene adabwera ndi bwato la injini n'kuwatsitsa ndi manja ake anali bambo wina woima payekha, wopanda chipani. Wopikisana naye wamphamvu anali wa chipani chachikulu, amene anthu ake ankagawa nsalu ndi mchere m'midzi. Alamu adalandira mcherewo, adati ndiwo sizidziwa chipani, koma maganizo sadasinthe.

Kutatsala masiku atatu ndidawatengera pepala lachitsanzo, lomwe odzipereka aja ankaphunzitsira anthu. Adasiya ukonde, adalipapasa m'mbali zonse zinayi, adalinunkhiza.

"Werengani timve. Lero tione zomwe mwakhala mukudya pansi pa msangu."

Ndidawerenga mayina kuchokera pamwamba, chilembo ndi chilembo, thukuta likutsika. Munthu wawo anali pa mzere wachinayi. Ndidagwira chala chawo n'kuchiika m'kabokosi kake. Kenaka adasolola bango pa mpanda, adaligoneka pa pepala kuyambira m'mphepete mwa pamwamba mpaka pomwe panali chala, adalidula ndi mpeni. Ndi mmene ankayezera maso a ukonde. Adachotsa pepala, adalibwezanso, adayeza katatu, ndipo katatu konse nsonga ya kabango idagwera pakati pa kabokosi.

"Ndapeza diso," adatero. "Koma likhale ndi mboni. Amati wosaona amasankha yekha munthu wolowa naye. Mudzalowa nane inuyo."

"Ine, alamu? Pali aphunzitsi, pali amayi aja..."

"Ndati inu. Simwaphunzira? Mudzandiwerengere dzina, ine ndidinde."

Ndidavomera. Pobwerera kwathu miyendo inkapepuka. Zaka zonsezo sindidapemphe chikhululuko chifukwa sindinkadziwa poyambira, ndipo apa munthuyo adachita kundipatsa yekha pepala lina kuti ndimuwerengere.

Tsiku lovota ndidayamba kupalasa kukuyera. Ulendo woyamba ndidawolotsa odzipereka ndi dengu la mbatata, wachiwiri ndidatenga alamu ndi nkhalamba zina zitatu. Adavala jekete lawo lakutchalitchi ngakhale kunkatentha, kabango kali m'thumba la pachifuwa. Pasukulupo mzere unali utafika kale ku mjigo, koma okalamba ndi olumala ankawalowetsa kutsogolo. Tidafika pa tebulo. Mayi wovala yunifomu ya ogwira ntchito yachisankho adapeza dzina la alamu m'buku, kenaka adafunsa wowathandiza.

"Ndi awa," adatero alamu, atagwira mkono wanga.

"Chabwino. Bambo, werengani apa, mulembe dzina lanu, musaine."

Adandipatsa pepala lodzaza timalemba ting'onoting'ono, tosiyana ndi zilembo zazikulu za pa bolodi. Ndidayamba mzere woyamba. Kumbuyo kwanga, mu mzere wa abambo, wina adakuwa.

"Ameneyo ndiye athandize munthu? Akamufunsa khadi m'katimo!"

"Pepalalo mwaligwira chadodolido, madala!" adawonjezera wina.

Sindidaligwire chadodolido, koma ndidalitembenuza kuti ndione, ndipo apo mzere wonse udafa ndi phwete. Zilembo zidayamba kuyenda ngati nyerere. Ndipomwe ndidamva dzanja pa phewa, ndi mawu otsitsa aja a aphunzitsi.

"Madala, musavutike. Ku doko kuli anthu akukudikirani padzuwa. Awa ndilowa nawo ine."

Ndiyenera kulemba zoona apa: ndidamva mpumulo. Alamu adafinya mkono wanga.

"Ndidati inu."

"Awa ndi amene adandiphunzitsa ine, alamu. Akudziwa kuposa ine."

Ndidamasula zala zawo chimodzichimodzi, ndidaika dzanja lawo pa mkono wa aphunzitsi, ndidatuluka mu mzere osacheuka.

M'mawa wonse ndidapalasa. Aliyense wosaona bwino, aliyense wonjenjemera manja, ndinkamukweza mtunda n'kukamupereka kwa aphunzitsi. Ngati panali lamulo loletsa munthu mmodzi kulowa ndi anthu ambiri, kwathu tsiku limenelo palibe adalikumbuka. Amayi odzipereka aja ankasamala mzere, kutungira anthu madzi ndi kuwapezera mthunzi, ndipo zolowa m'kati adasiyira mtsogoleri wawo monga tonse tidachitira. Mayi wamasiye uja potsika bwato adandiuza kuti, "Takhuta," kundithokoza m'Chisena, koyamba chibadwire.

Alamu adakhala pa mthunzi mpaka dzuwa litapendeka, akuti adikire ulendo wopanda phokoso. Tidakwera awiri. Sadanene nthabwala iliyonse. Tili pakati pa madzi adafunsa.

"Pepala lenileni limasiyana ndi lachitsanzo lija?"

"Sindikudziwa. Bwanji?"

Adandifotokozera. M'kachipinda ka makatoni kovoteramo adapapasa pepala, adagoneka kabango, adaika chala pa nsonga. Aphunzitsi adanyamula dzanjalo n'kulikweza m'mwamba mizere iwiri. Adati pepala ili silofanana ndi lija, mayina asuntha. Alamu adawapempha kuti awerenge dzina lomwe lili pamenepo, ndipo adatchula dzina la munthu wawo. Adapemphanso kachiwiri, adatchula lomwelo. Adadinda.

"Koma m'mbali mwake linali lomwe lija," adatero alamu. "Zala zanga sizidaphunzire sukulu, koma muyezo zimaudziwa. Inu mwavota?"

"Ayi, ndimati ndimalize kuwolotsa anthu."

Adatulutsa kabango, adakatambasulira komwe kunkachokera mawu anga.

"Tengani. Mukawerenge. Koma lero mukawerengedi."

Ndidawatsitsa, akazi awo adawalandira, ine ndidabwerera. Njira yonse ndinkadziuza kuti alamu alakwitsa, kuti mapepala a boma angasiyanedi ndi achitsanzo. Ndinkafuna zikhale choncho. Ndidaima mu mzere, adandipaka inki, adandipatsa mapepala. M'kachipinda muja ndidayala la aphungu, ndidagoneka kabango kuyambira m'mphepete mwa pamwamba. Nsonga idagwera pakati pa kabokosi kachinayi. Ndidawerenga dzina, chilembo ndi chilembo, popanda wondiseka. Linali la bambo wa bwato la injini, ndi nkhope yake pambali. Ndidakwera mizere iwiri. Panali wa nsalu ndi mchere.

Sindikudziwa kuti ndidaima nthawi yaitali bwanji. Wina adagogoda katoni n'kufunsa ngati ndagona. Ine ndidabwera ndi munthu wanga wina m'maganizo, wa pa mzere wachisanu, koma ndidachonga pachinayi, pomwe padaloza kabango. Ndidapinda pepala, ndidaponya.

Aphunzitsi ndidawapeza kuseri kwa kalasi, atakhala pa njerwa, akusenda mbatata yomwe mkazi wanga adaphika. Ndidawaonetsa kabango. Adakayang'ana, adapitiriza kusenda.

"Pepala silidasinthe, aphunzitsi."

"Khalani pansi, madala. Mwatopa."

"Alamu anga mwawadinditsa pati?"

Adayang'ana uku ndi uku. Mawu sadakweze, sadawakwezepo chiyambire.

"Tamvani. Dera lino likasankha munthu wopanda chipani, adzakalankhula ndi ndani kumeneko? Mlatho adzautenga kuti? Chaka chamawa mudzakhalanso pa chulu. Nkhalamba izi zimavotera yemwe adaziseketsa dzulo. Ine ndimaona patali, ndazithandiza."

"Ndi angati?"

"Voti ndi chinsinsi, madala. Si ndidakuphunzitsani?"

"Ndikukanena kwa akuluakulu m'katimu."

"Kaneneni. Adzakufunsani kuti adaona ndani. Adzakufunsaninso kuti adabwera nawo kwa ine ndani." Adaluma mbatata, adatafuna bwinobwino. "Ndipo inu ndi inu woti mulankhule za kunamiza munthu ameneyu pa pepala? Mwaiwala zomwe mudandiuza pansi pa msangu?"

Mbama ndidalandirapo, nkhafi idandimenyapo kumaso bwato litagubuduka, koma palibe chidandipweteka ngati mawu amenewo. Chinthu chomwe ndidachisunga zaka zonse n'kuchipereka kwa munthu mmodzi yekha, iye adachisunganso, kudikira tsiku loti andikhomere nacho pakamwa.

Ndidapitabe kwa mkulu woyang'anira malo ovoterawo. Anali munthu wotopa, wochokera kwina, ndipo sadandinyoze. Adati pepala likalowa m'bokosi silituluka, ndipo wovota adavomera yekha womuthandiza pamaso pa onse. Adandipatsa pepala loti ndilembe dandaulo. Ndidakhala pa desiki la ana, mawondo akugunda thabwa, ndidalemba mizere itatu. Inali kalata yoyamba pa moyo wanga, ndipo inali yoneneza munthu amene adandiphunzitsa kulemba. Mkuluyo adaiwerenga, adafunsa ngati pali mboni yoona ndi maso. Ndidati mboni ndi kabango aka. Adandiyang'ana mwachisoni, adaika kalatayo mu envulopu. Za kalatayo sindidamvenso.

Mmodzi wa amayi odzipereka aja, mlimi wa thonje yemwe tinkaphunzira naye, adamva zonse ali pakhomo. Adapita kukaima pa tebulo, ndipo nkhalamba zochepa zomwe zidatsala ankazifunsa kuti zabwera ndi mwana kapena mdzukulu wamkulu, zilowe ndi ameneyo. Aphunzitsi adamuyang'ana, iye adawayang'ananso, mpaka adachoka okha. Ndimamukumbukira mayi ameneyu chifukwa anthu atamva nkhaniyi adayamba kunena kuti odzipereka onse anali akuba. Sizoona. Anayi adapsa ndi dzuwa tsiku lonse popanda cholowa, ndipo manyazi a munthu mmodzi adawagwera onse.

Ndidawolotsa omaliza dzuwa lisadalowe. Ndidamanga bwato, ndidayenda kupita kwa alamu. M'njiramo bodza lidabwera lokha, lokonzeka bwino: ndikangonena kuti pepala lidasiyanadi, munthu wawo anali pachiwiri, iwo agona ndi mtendere, ine ndikhala amene ndidawapereka m'manja abwino. Palibe akadadziwa. Ndidaima pa mpanda wawo kanthawi ndi bodzalo m'kamwa.

Anali pakhonde, ukonde uli pa maondo. Sadauze akazi awo kuti ayale mphasa.

"Mwawerenga?"

"Ndawerenga."

"Nenani."

"Kabango kadalondola. Munthu wanu ali pachinayi. Akudinditsani pa wa mchere uja."

Zala zawo zidapitiriza kumanga mfundo. Ndidafulumira kuwonjezera, ngati mwana wobisa mbale yosweka.

"Koma musadandaule, alamu. Yanga ndaponyera munthu wanu. Sidatayike."

"Inu mumafuna ameneyo?"

"Ayi, ndimafuna wina. Koma ndati ndikubwezereni."

Adaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Ndiye kuti yanga yapita kwa amene sindimufuna, yanu yapita kwa amene simumufuna. Awiri tonse tawoloka madzi kukadetsa zala."

Ndidayamba kutukwana aphunzitsi, kunena zomwe adandiyankha, za mlatho, za chulu. Adakweza dzanja.

"Aphunzitsi anuwo sindiwadziwa. Sadakwatire mlongo wanga. Ine ndidapempha inu." Adaika ukonde pansi. "Tsiku lija pa doko ndinkadziwa kuti simutha kuwerenga. Doko lonse linkadziwa. Ndidati werengani kuti muitane wina, tonse tipulumuke. Mudasankha kuti asakusekeni. Lero mumatha kuwerenga, mwasankhanso kuti asakusekeni. Ndiye sukuluyo idakonza chiyani?"

Aka kanali koyamba ndi komaliza kutchula za khadi. Ndidawabwezera kabango, adakana, adati ntchito yake yatha.

Zotsatira zitatuluka adapambana wa chipani chachikulu. Sindinganene kuti ndi zala za nkhalamba zanga zomwe zidamukweza, mwina akadapambanabe. Mlatho sudabwere. Aphunzitsi adasamukira ku boma patapita miyezi, akuti adapeza ntchito, ndipo ena kumpingo mpaka lero amati anali munthu wabwino, ine ndi amene ndidamuchitira nsanje. Tidakumanapo kamodzi pamsika, adandipatsa moni waulemu, adafunsa ngati ndikuwerengabe. Ndikuwerengabe. Ndikulemba izi ndi zilembo zake, ndipo mchira wa g ndimaupinda monga ankaupindira iye. Ndayesa kusintha, dzanja limakana.

Chisankho chotsatira ndidatulutsanso bwato, ndidawolotsanso odzipereka atsopano, mkazi wanga adaphikanso mbatata. Koma pa makomo ndinkanena zina: lowani ndi munthu wanu, ngakhale awerenge ngati akutola mapira otayika. Mayi wamasiye uja, yemwe ndidakamuuza ndekha zomwe zidachitika ndi chala chake, adati alowa ndi ine, kuti akandigwire pakhosi ndikanama. Pa tebulo anthu a mu mzere adandisekanso. Ndidawerenga pepala losaina lija lonse mpaka pansi, mzere ukudandaula, ndidasaina. Sizidatenge nthawi yoposa kuphika tiyi. Ndi zokhazo zomwe zidandikanika tsiku lija.

Alamu ndidapita kukawatenga m'mawa womwewo. Ndidawauza kuti ndilowa nawo ndekha, sindisiya mkono wawo.

"Nkhabe," adakana m'Chisena, monga ankachitira akafuna kuti nkhani ithe. "Ndawoloka kokwanira."

Sadavotenso mpaka adamwalira.

Chomwe chimandibwerera kwambiri si maliro awo, koma sabata yotsatira voti ya kabango ija. Inki ya chisankho simachoka msanga. Tsiku lachitatu ndidawapeza kuseri kwa nyumba atakhala pa mtondo wogubuduza, akukhula chala chawo ndi mchenga wa kumtsinje, khungu litayamba kusupuka. Adamva mapazi anga, adatambasula dzanja.

"Alamu, tayang'anani. Yachoka?"

Ndidagwira chalacho, ndidachiyang'anitsitsa.

"Ayi," ndidatero. "Ikadalipo."

Adagwedeza mutu, adatapanso mchenga.